Lupu ndi matenda a m'chiberekero: zimene anamwino anatiuza Loweruka

Anzathu amene munalephera kubwera kumsonkhano wa kalabu Loweruka lapitali, komanso inu abwenzi amene mumatitsatira pano pa Facebook, nawa mawu a mayi namwino amene tinawaitana kuti adzayankhe mafunso a m'bokosi lathu. Tawalemba monga analankhulira. Werengani mpaka kumapeto, kenako mutumizireko mnzanu.

Zikomo apampando, zikomo akomiti, zikomo nonse amene mwabwera masana ano. Atsikana mulipo? Anyamata mulipo? Chabwino. Anyamata inu musayambe kusuzumira pakhomo poganiza kuti nkhani ya lero ndi ya atsikana okha. Khalani pansi, gawo lanu lilimo, ndipo ndi lalikulu.

Apampando anandipatsa timapepala ta m'bokosi lanu la mafunso. Tambiri tikufunsa za lupu. Kena kakuti, "Kodi ndi zoona kuti lupu imawoletsa chiberekero?" Kena kakuti, "Achemwali anga anaikitsa lupu mwezi watha, pano akumva kupweteka m'chinena ndipo thupi likutentha. Ndi lupuyo?" Kenanso kakuti, "Ndikaikitsa lupu ndisanabereke, ndidzabereka?" Mwafunsa bwino ana anga. Paja safunsa anadya phula.

Yankho lalifupi ndi ili. Lupu payokha siwoletsa chiberekero. Chimene chimadwalitsa munthu ndi mabakiteriya, makamaka a matenda opatsirana pogonana. Koma pali nthawi imene lupu ndi mabakiteriyawo zimakumana, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ndikufuna muidziwe lero.

Tiyambe ndi lupuyo. Ndi kapulasitiki kakang'ono kooneka ngati chilembo T, kosatalika kuposa kamtengo ka machesi. Imene timaika kwambiri m'zipatala zathu ndi yokulungidwa ndi waya wa kopa, dzina lake Copper T 380A. Kopayo amafooketsa umuna kuti usakumane ndi dzira. Imagwira ntchito zaka 10 mpaka 12, ndipo mwa amayi 100 amene aikitsa, amene amatenga mimba m'chaka choyamba safika n'komwe mmodzi. Palinso ina yokhala ndi mankhwala a mahomoni. Kumunsi kwa lupu iliyonse kuli timaulusi tiwiri timene timatulukira pakhomo la chiberekero, kuti tsiku loichotsa tidzagwire pamenepo.

Tsopano tione thupi la mtsikana. Kumusi kuli njira ya abambo. M'njira imeneyi mumakhala mabakiteriya nthawi zonse, ndipo ambiri ndi abwino, amateteza malowo. Kumapeto kwa njirayo kuli khomo la chiberekero, limene limatsekedwa ndi chikazi cholimba chotchinga tizilombo. Ukadutsa khomolo wafika m'chiberekero, ndipo m'mbali mwake muli machubu awiri opyapyala kwambiri, mmene dzira limadutsa. Kumtunda kumeneku sikufunika tizilombo ta matenda ayi. Tikangokwera kumeneko, chiberekero ndi machubu zimatupa, nthawi zina mpaka kuchita mafinya. Matenda amenewa kuchipatala timawatchula kuti PID.

Poika lupu, timalowetsa kachubu kopyapyala kudutsa pakhomo paja. Mwaiona nkhani yake? Ngati pakhomopo pali kale tizilombo ta chinzonono kapena ta chlamydia, kachubuko kakhoza kutikankhira mkati. Lupu yangotsegula chitseko, koma mlendo woipayo anali ataima kale pakhonde.

Izi sindikungolankhula za m'mutu mwanga. Mu 1992 akatswiri a bungwe la WHO anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana, momwe lupu inaikidwa maulendo 22,908. Amene anadwala PID anali 81. Tikawerengetsa bwino, ndiye kuti mwa amayi 1,000, odwala sankafika awiri pa chaka. Koma anapezanso zinthu zitatu zofunika. Choyamba, chiopsezo chinali chokwera kuposa kasanu ndi kamodzi m'masiku 20 oyambirira lupu itangoikidwa, kenako n'kutsika n'kukhala chotsika kwa zaka zambiri. Chachiwiri, matendawa anali ochuluka kuno ku Africa, ochepa kwambiri ku China. Chachitatu, amayi achichepere ankadwala kwambiri kuposa achikulire.  Kusiyanako kukuchokera kuti? Kukuchokera pa kuchuluka kwa matenda opatsirana pogonana pakati pa anthuwo. Ndiye inu achinyamata a kuno, ziwerengerozi zikukamba za inu.

Mwina mukufunsa kuti, nanga mbiri yoipa ya lupuyi inachokera kuti? Ili ndi pochokera, si bodza lokhalokha. Mu 1971 kampani ina ya ku America, A.H. Robins, inayamba kugulitsa lupu yotchedwa Dalkon Shield. Chingwe chake chinali cha timaulusi tambirimbiri tomangidwa pamodzi, ndipo mabakiteriya ankakwera m'kati mwa timaulusito monga mmene palafini amakwerera pachingwe cha koloboyi. Amayi ambiri anadwala, ena anapita padera mimba itachita mafinya, ena anasiya kubereka, ena anamwalira. Mu 1974 anasiya kuigulitsa ku America, ndipo pofika 1985 kampaniyo inagwa chifukwa cha milandu ya amayi ofuna chipukuta misozi. Mantha amene anayamba nthawi imeneyo anafalikira dziko lonse. Lupu za masiku ano ulusi wake ndi umodzi wosalala, ngati twaini wa mbedza, mulibe mipata yoti tizilombo tikwereremo.

Tsopano tibwere pa tizilombo tenitenito. Chinzonono mumachidziwa. Chlamydia ambiri simunamumvepo, koma ndi wofala kwambiri, ndipo kuipa kwake n'koti amakhala phee. Atsikana ambiri amene ali naye samva chilichonse. Anyamatanso ena samva chilichonse. Mu 2019 munatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa ECHO, amene anachitikira ku Zambia, Kenya, South Africa ndi Eswatini. Munali amayi 7,829 a zaka 16 mpaka 35, amene anabwera kudzafuna njira yolerera. Atawayeza poyambirira, mwa 100 alionse, 18 anapezeka ndi chlamydia ndipo 5 anapezeka ndi chinzonono. Awa anali anthu oyenda bwinobwino, obwera okha kuchipatala ali gwa. Zambia si kutali, ndi pamalire pomwepa. Kafukufuku yemweyo anayerekeza jakisoni wa Depo, lupu ya kopa ndi njira ya pamkono, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa chiopsezo chotenga HIV. Koma palibe njira imodzi mwa zitatuzo imene inawateteza ku HIV. Pafupifupi amayi anayi mwa 100 alionse ankatenga kachilomboka pa chaka. Mfundo imeneyo muisunge, tibwererako.

Ndiye mtsikana akabwera kuti akufuna lupu, timamufunsa mafunso ena amene amachititsa manyazi. Mwagonana ndi anthu angati miyezi itatu yapitayi? Bwenzi lanu lili ndi zibwenzi zina? Lakhala likudandaula kutentha pokodza, kapena likutuluka mafinya kumaliseche? Munauzidwapo posachedwa kuti muli ndi matenda opatsirana pogonana? Atsikana, mvetserani. Sitifunsa kuti tikakuululeni kwa amayi anu kapena kwa abusa. Tikufuna tidziwe ngati pakhomo paja pali mlendo. Mukatinamiza kuti muoneke abwino, amene akavutike ndi inu, ife tikhala tikuona wodwala wina. Nenani zoona, basi.

Tikatha kufunsa timayeza. Timagwira pachinena, timayang'ana khomo la chiberekero ndi chipangizo chija chooneka ngati mlomo wa bakha. Tikapeza mafinya pakhomopo, kapena mukumva kuwawa tikaligwedeza, lupu sitiika tsiku limenelo. Timayamba tachiza matendawo, n'kukupatsani njira ina yoti muzigwiritsa ntchito podikira. Sitiikanso kwa mayi amene wadwala matenda a m'chiberekero atangochira kumene, kapena amene wapita padera mkati n'kuchita mafinya, mpaka atachiriratu. Wina akakubwezani pa zifukwa zimenezi musakwiye kuti wakumanani. Wakuchitirani zabwino. Ndipo lupu iziikidwa ndi munthu wophunzitsidwa, pachipatala, wovala magolovesi, ndi zida zophikidwa. Osakaikitsa kuseri kwa nyumba ya munthu chifukwa choti amavala chovala choyera.

Lupu yaikidwa, mwabwerera kunyumba. Zina zimene mungamve ndi zoyembekezereka. Masiku oyambirira m'mimba mumapota ngati cham'mimba cha pamwezi, ndipo timagazi tikhoza kumadontha. Ndi lupu ya kopa, msambo umatha kuchuluka ndi kupweteka kuposa kale kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, kenako n'kukhazikika. Zimenezi si PID.

Koma izi ndikuti nditchulezi, mukaziona musagone nazo. Kupweteka m'chinena kumene kukukulirakulira m'malo mochepa. Kutentha thupi kapena kunjenjemera. Chikazi chachikasu, chobiriwira, cha mafinya kapena chonunkha. Kumva kuwawa m'kati pogonana. Kutuluka magazi mukatha kugonana. Mseru ndi kusanza pamodzi ndi kupweteka m'mimba. Makamaka m'milungu itatu yoyambirira ija, chimodzi mwa zimenezi n'chokwanira kuti mubwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Ndiye iwe mwana wanga amene unalemba za achemwali ako, sindikukufunsa kuti uimike mkono. Koma ukafika kunyumba lero ukawauze kuti apite kuchipatala, osadikira Lolemba ngati thupi likutentha. Akanene kuti ali ndi lupu ndi tsiku limene anaikitsa. Thupi likatentha ife timathamangira kunena kuti ndi malungo. Ayezetse malungowo, inde, koma asabise za lupu ndi za m'chinenamo.

N'chifukwa chiyani ndikuumirira za kufulumira? Chifukwa cha machubu aja. Chubu ikatupa n'kupola, imasiya zipsera m'kati, ndipo zipserazo zimatseka njira ya dzira. Madokotala a ku Lund, ku Sweden, anatsatira kwa zaka zambiri amayi amene anadwalapo PID. Mwa amene anadwala kamodzi, 8 pa 100 analephera kubereka chifukwa cha machubu otsekeka. Amene anadwala kawiri, pafupifupi 20 pa 100. Amene anadwala katatu kapena kuposerapo, 40 pa 100. Anaonanso kuti amene anachedwa masiku atatu kapena kuposa asanakalandire chithandizo, vuto la kubereka linkawagwera kwambiri kuposa amene anafulumira. Masiku atatu okha! Vuto lina ndi loti chubu ikatsekeka mwatheka, mimba ikhoza kukhala m'chubu momwemo. Imeneyo imaphulika, munthu n'kutaya magazi m'kati, ndipo popanda opaleshoni yamsanga timamutaya.

Nanga funso lija loti ndikaikitsa ndisanabereke ndidzabereka? Ku Mexico anafufuza zimenezi, zotsatira zake zinatuluka mu 2001. Anayang'ana amayi amene anali asanakhalepo ndi pakati, ena mwa iwo machubu ali otsekeka. Anapeza kuti kugwiritsapo ntchito lupu ya kopa sikunawonjezere chiopsezo cha kutsekeka kwa machubu. Chimene chinkapezeka mwa otsekeka machubuwo chinali chizindikiro m'magazi chosonyeza kuti anadwalapo chlamydia. N'chifukwa chake malangizo a WHO amalola mtsikana wachichepere, ngakhale amene sanaberekepo, kuikitsa lupu. Tikaichotsa, mphamvu yobereka imabwerera nthawi yomweyo, mwezi womwewo munthu akhoza kuima.

Chithandizo cha PID chilipo. Kawirikawiri ndi jakisoni pamodzi ndi mapiritsi a mitundu iwiri, monga doxycycline ndi metronidazole, amene ambiri mumamudziwa kuti Flagyl, akumwa masiku 14. Mitundu imachuluka chifukwa mabakiteriya ake amakhala osakanikirana. Mukamwa masiku anayi ululu umatha, ndiye apo m'pamene ambiri amasiyira, otsalawo n'kusungira mnzawo. Malizani onse. Timakuuzaninso kuti mubwere pakatha masiku awiri kapena atatu tidzaone ngati mukupeza bwino. Ambiri amadabwa kumva kuti lupu sitithamangira kuichotsa. Ngati mwini wake akuifunabe, timachiza ili momwemo. Timaganiza zochotsa ngati masiku atatu adutsa osasintha, kapena ngati mwini wake wanena kuti sakuifunanso. Amene wadwalika kwambiri, akusanza mankhwala, kapena ali ndi chotupa cha mafinya m'kati, timamugoneka m'chipatala.

Pali zinthu zitatu zimene ndikukupemphani musachite. Musakagule makapisozi awiri atatu pagolosale kapena kumsika n'kumati mwadzichiza. Amangogonetsa ululu, tizilombo tikupitiriza ntchito, ndipo chinzonono cha masiku ano chayamba kukana mankhwala ambiri chifukwa cha khalidwe lomweli. Musaike zitsamba, sopo, nsalu kapena mankhwala ogula pa WhatsApp kumaliseche pofuna kutsuka kapena kuumitsa. Mumapha mabakiteriya abwino aja, oipa n'kupeza malo. Ndipo musakoke timaulusi nokha, kapena kuuza bwenzi lanu kuti likoke. Mukaitopa lupu bwerani, kuichotsa ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo ndi ufulu wanu.

Nditchuleko matenda ena awiri a mabakiteriya amene amakhudzana ndi lupu. Oyamba ndi ofala, timawatchula kuti BV. Mabakiteriya abwino a m'njira ya abambo akachepa, ena amachuluka, chikazi chimakhala chamadzimadzi, chotuwa, chonunkha ngati nsomba, makamaka mukatha kugonana kapena kusamba. Amagwira amayi ambiri ngakhale opanda lupu, koma amaonekako kawirikawiri mwa amene ali ndi lupu ya kopa. Sizitanthauza kuti chiberekero chawola. Amachizika ndi metronidazole, lupu ili momwemo. Achiwiri ndi osowa kwambiri, a bakiteriya wotchedwa Actinomyces, amene amavuta makamaka mwa amayi amene lupu yakhalitsa zaka zambiri. Ndiye chaka chochotsera chilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo kabukuko musakataye.

Chinanso. Mukadumphitsa msambo muli ndi lupu, n'kumamva zizindikiro za pakati, kayezetseni msanga. Sizichitikachitika, koma mimba ikakhala lupu ili m'kati, chiopsezo chopita padera ndi mafinya chimakula, komanso timafuna titsimikize kuti mimbayo sili m'chubu.

Anyamata, nthawi yanu yakwana. Dzukani. Mtsikana akaikitsa lupu, ena mwa inu mumasangalala kuti basi kondomu yapuma, paja mumati switi sadyera m'pepala. Kumbukirani amayi aja a ECHO. Lupu imatseka mimba yokha. Chinzonono, chlamydia, chindoko, HIV, zonse zimadutsa bwinobwino. Mtsikana akhoza kuikitsa lupu alibe kachilombo kalikonse, masiku 20 aja n'kudutsa bwino, patapita zaka ziwiri iwe n'kumubweretsera chlamydia wochokera kwina. Akadwala anthu azidzati ndi lupu. Zaka zikadzapita ali pabanja mwana osabwera, apongozi azidzamuloza chala kuti ndi chumba, analera ali mwana. Iwe amene unabweretsa matendawo palibe adzakutchule. Zimenezo n'zachilungamo? Ayi.

Ndiye mnyamata ukamva kutentha pokodza, kapena ukaona mafinya pakabudula wam'kati m'mawa, pita kuchipatala ndipo umuuze mnzakoyo. Bwenzi lako likakubweretsera uthenga kapena kakalata kochokera kuchipatala koti nawenso ukalandire mankhwala, usayambe ndewu yoti wazitenga kuti. Tizilomboti timakhala miyezi osadziwika, palibe angaloze kuti anayamba ndani. Pita ukalandire, ngakhale sukumva kalikonse. Mukapanda kuchizidwa nonse awiri, muzingobwezerana, ndipo mwamva kale zimene zimachitika munthu akadwala kachiwiri ndi kachitatu. Musagonane mpaka nonse mutamaliza mankhwala. Kenako kondomu nthawi zonse, lupu ilipo kapena palibe.

Ena mwa inu simunayambe zogonana. Pitirizani choncho, palibe mpikisano, ndipo kudziletsa kumateteza ku zonse tatchulazi. Nkhani ya leroyi muisunge, idzakuthandizani m'tsogolo, kapenanso muthandiza nayo mnzanu mawa lomwe. Koma kwa amene munayamba, tisanamizane. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja, pafupifupi 30 ankabayitsa jakisoni, pamene wa lupu anali mmodzi yekha. Sindinabwere kudzatsatsa lupu. Ilipo jakisoni, alipo mapiritsi, ilipo njira ya pamkono, aliyense asankhe imene ikumuyanja atamva ubwino ndi zovuta zake. Chimene chimandiwawa ndi kuona mtsikana wakana njira zonse chifukwa cha mphekesera ya pamjigo, kenako n'kusiya sukulu ali Fomu 2, kapena kubwera usiku atanyamulidwa chifukwa anayesa kuchotsa mimba ndi mtengo wa chinangwa. Mafinya amene timawaona pamenepo ndi oopsa kuposa chilichonse chimene lupu ingachite.

Kopita mukudziwa. M'zipatala za boma njira zolerera ndi zaulere, ndipo zipatala zambiri zili ndi gawo la achinyamata kumene mungalankhule mwachinsinsi. Kulinso Banja La Mtsogolo ndi FPAM. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akhoza kukulozerani kumene kuli munthu wophunzitsidwa kuika lupu, chifukwa si pachipatala chilichonse pamene alipo. Mukaikitsa, bwererani mukatha msambo woyamba, pakati pa milungu itatu ndi isanu ndi umodzi, tidzaone ngati zonse zili bwino. Mukamva chachilendo tsikulo lisanafike, musadikire tsiku la pakabuku. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife sitingadziwe zimene zikuchitika m'thupi mwanu mutakhala kunyumba.

Ndiime pamenepa kuti mufunse. Amene muli ndi funso loti simungalifunse pagulu, tikatseka ndi pemphero ndikhala m'kalasi yachiwiriyo kwa ola limodzi. Muzilowa mmodzimmodzi, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo apampando aonetsetse kuti pawindo pasaime munthu.